Kulowa M'nyumba Yatsopano Popanda Ngongole: Katundu Wakale ndi Zaluso za M'mudzi

Nkhani yokambidwa pamaso pa mafumu, makomiti a chitukuko ndi mabanja amene asamukira kumalo atsopano m'boma la Mulanje



Tsiku lolandira makiyi a nyumba limakhala la nthungululu. Pamakhala nyimbo ndi magule, alendo amayankhula, zithunzi zimajambulidwa, kenaka magalimoto amanyamuka. Dzuwa likamalowa banja limatsala lokha m'zipinda zopanda kanthu, ndipo apo m'pamene mafunso enieni amayambira. Ana agona pa chiyani? Madzi akumwa asungidwa m'chiyani? Nanga mlendo wodzalonjera mawa mmawa adzakhala pati? Nkhani ino ikukamba za mafunso amenewa.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri, pakuti matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri, mitsinje n'kusefukira. Madziwo anagwetsa makoma, komanso anatenga zonse zimene mabanja anasonkhanitsa kwa zaka zambiri: mabedi, mipando, miphika, mitondo, makina osokera ndi zida za amisiri. Ambiri mwa mabanja amenewa akuyambiranso moyo pamalo achilendo. Palinso ena amene amasamuka chaka ndi chaka popanda ngozi: mphunzitsi kapena namwino wotumizidwa kudera lina, wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi amene wapuma n'kutuluka m'nyumba ya kampani, ndiponso mnyamata wokwatira kumene amene wapita kuchikamwini ndi chikwama chimodzi. Onsewa amakumana ndi nyumba yopanda kanthu ndi thumba lopepuka.

Mfundo yaikulu ya nkhani ino ndi yakuti nyumba imadzazidwa pang'onopang'ono ndiponso mwadongosolo. Banja limene lagula mwanzeru katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuonjezera zinthu zopangidwa ndi amisiri a m'dera lake, likhoza kukhala pabwino popanda kulowa m'ngongole imene ingalilande nyumba yomweyo.

Manyazi ndi ngongole

Chimene chimalowetsa mabanja ambiri m'mavuto ndi manyazi. Nyumba ya malata ndi simenti imaoneka ngati ikufuna masofa a m'sitolo, kabati ya magalasi ndi kanema wamkulu, ndipo mwini wake amaopa kuti anzake amuseka akaona mphasa pabalaza. Koma mitengo ya katundu wa m'sitolo inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nsalu zokutira mipando, siponji, utoto ndi zitsulo zambiri zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja, choncho mitengo yake imatsatira dola pamene ndalama ya mlimi wa chimanga ndi nandolo imabwera kamodzi pa chaka.

Wofuna kudzaza nyumba m'sabata imodzi amathamangira kwa akatapila. Masamu ake ndi osavuta: munthu wokongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi amayenera kubweza K150,000 mwezi ukatha, ndipo akalephera, mwezi wachiwiri ngongoleyo imafika pa K225,000. Wapantchito amasiya khadi lake la ku banki m'manja mwa mwini ndalama, mlimi amagulitsa mbewu zisanakhwime, ndipo wina amafika poganiza zokanganula malata a nyumba yatsopano. Banja likafika pamenepo limayamba kulakalaka kubwerera kudimba la m'mbali mwa mtsinje kumene linathawa, ndipo ntchito yonse yosamutsa anthu kumalo angozi imapita pachabe.

Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati kukongola kuli kosapeweka, banki m'khonde ndi yabwinopo, chifukwa chiwongoladzanja chake chimabwerera kwa mamembala pa tsiku logawana. Ngakhale kumeneko, ndi nzeru kukongola ndalama yogulira chinthu chimene chidzabweretsa phindu, monga makina osokera kapena zida za ukalipentala, ndipo mipando idzagulidwe ndi phindulo. Chimodzimodzinso amene amalandira Mtukula Pakhomo: chakudya ndi sukulu ya ana zikhale patsogolo, katundu wa m'nyumba atsatire kamodzikamodzi.

Choyamba n'chiti?

Dongosolo labwino logulira katundu limatsata umoyo wa banja. Poyamba pakhale pogona: mphasa kapena bedi, zofunda, ndi neti yoteteza ku udzudzu. Malungo sadikira kuti nyumba ikongole, choncho zingwe zomangira neti zikhomedwe usiku woyamba womwewo, ndipo neti ikhoza kupisiridwa pansi pa mphasa monga momwe imapisiridwira pansi pa matiresi.

Chachiwiri ndi madzi ndi chakudya. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unakumbutsa aliyense kuti mtsuko wovundikira ndi wofunika kuposa kabati ya magalasi. Pakhomo pakhale chosungiramo madzi akumwa chokhala ndi chivundikiro ndi kapu yake yotungira, thandala loyanikapo mbale, mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, ndi dzenje la zinyalala. Matumba a chimanga asagone pansi kapena kutsamira khoma. Asanjikidwe pa kathandala kamitengo kuti chinyontho ndi makoswe zisafike msanga. Zambiri mwa zinthu zimenezi bambo ndi mayi akhoza kuzipanga okha ndi mitengo, nsungwi ndi luzi m'masiku awiri.

Chachitatu ndi tebulo ndi nyali ya sola, kuti mwana wa sukulu apeze polembera madzulo. Mipando ya alendo ibwere pachinayi, ndipo zokongoletsa zibwere pomaliza. Mlendo wanzeru sanyoza mkeka woyera umene wayalidwa ndi ulemu.

Kugula katundu wakale ndi maso otseguka

Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka kwa anthu amene akusamuka, makamaka ogwira ntchito m'boma ndi m'maesiteti, kwa amisiri amene amakonza mipando yakale, m'misika, ndiponso masiku ano pa magulu a WhatsApp ndi Facebook. Nthawi zambiri bedi lakale la mlombwa kapena la m'bawa limaposa latsopano la matabwa osauma, chifukwa mtengo wake unauma kale ndipo sungapindikenso. Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula akaone katunduyo ndi maso ake, masana, panja pamene pali kuwala, ndipo asatumize ndalama pa foni chifukwa cha chithunzi chokha.

Poyesa bedi, tebulo kapena mpando, wogula augwedeze ndi kuukhalira. Kugwedera kochokera molumikizira matabwa si vuto lalikulu, pakuti mmisiri akhoza kuphwasula, kuthira guluu ndi kumanganso pa mtengo wochepa. Vuto lenileni ndi thabwa lofumbwa. Timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi fumbi longa ufa pansi pake timasonyeza kuti tizilombo tikadali m'kati, ndipo thabwa lodyedwa ndi chiswe limamveka lopanda kanthu likagogodedwa. Miyendo ndi kunsi kwa katundu ndi kumene kumayamba kuonongeka, choncho wogula asachite ulesi kutembenuza chinthucho.

Ndi bwinonso kusiyanitsa thabwa lenileni ndi lija lopangidwa ndi utuchi wopanikiza n'kumata pepala lonyezimira pamwamba. Boma lino limalandira mvula yambiri, ndipo nyengo ya chiperoni imasiya chinyontho m'nyumba kwa masiku ambiri. Thabwa la utuchi likamwa chinyontho limatupa n'kunyenyeka, ndipo silikonzeka. Kabati yokandikakandika ya paini kapena bulugamu wouma ikhoza kupalidwa ndi sandipepala, kupakidwa vanishi, n'kutumikira banja kwa zaka zambiri. Popala utoto wakale, ntchitoyo ichitikire panja, thabwa linyowetsedwe pang'ono kuti fumbi lisabuke, ndipo ana akhale kutali, chifukwa utoto wina wamafuta umakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana.

Mdani wamkulu wobisala m'katundu wakale ndi nsikidzi. Zimakhala m'ming'alu ya bedi, m'mabowo a misomali ndi m'misoko ya matiresi ndi masofa, ndipo zikhoza kutha miyezi ingapo osadya. Zizindikiro zake ndi timadontho takuda ngati inki, timazira toyera ndi makoko a zimene zafundula. Katundu aliyense wakale asalowe m'nyumba tsiku limene wafika. Bedi liphwasulidwe, madzi owira athiridwe molumikizira monse, kenaka liyanikidwe padzuwa, pakuti nsikidzi ndi mazira ake zimafa pa kutentha kopitirira madigiri 50. Nsalu, makatani ndi zofunda za pa kaunjika zichapidwe ndi madzi otentha ndi kusitidwa. Matiresi ndi masofa ndi ovuta kuyeretsa mpaka m'kati, kotero ngati zizindikiro zaoneka ndi bwino kuwasiya, ngakhale mtengo wake utsike chotani. Mphasa yatsopano imaposa matiresi akale okhala ndi nsikidzi.

Pano pali machenjezo awiri. Loyamba ndi lakuti mankhwala a kumunda ndi mapiritsi ophera anankafumbwe m'chimanga asagwiritsidwe ntchito m'chipinda chogona. Mapiritsiwo amatulutsa mpweya wa poizoni umene ukhoza kupha banja lonse lili m'tulo. Wovutika ndi tizilombo afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake. Safunsa anadya phula. Lachiwiri likukhudza mphekesera yakuti maneti a udzudzu amabweretsa nsikidzi. Neti sibala nsikidzi. Zimakhala zili kale m'bedi kapena m'ming'alu ya khoma. Banja limene lataya neti chifukwa cha mphekeserayi limatsala ndi nsikidzi zomwezo, n'kuonjezerapo malungo.

Zamagetsi zakale, monga wailesi, firiji kapena batire la sola, ziyesedwe zikugwira ntchito ndalama isanaperekedwe. Wogula ayezenso chitseko cha nyumba yake ndi chingwe asanapite kukagula kabati, ndipo mtengo wa ngolo kapena galimoto yonyamulira auwerengere pamodzi ndi mtengo wa katunduyo. Katundu akalowa, asagunde khoma la nyumba yomangidwa kumene, chifukwa khomalo limatulutsa chinyontho kwa miyezi ingapo, ndipo ngati pansi ndi pozira, miyendo ya bedi ndi kabati ikhale pa njerwa kapena pa miyala yafulati kuti njira ya chiswe izioneka msanga.

Katundu wakuba

Mtengo wotsika mopitirira muyeso uyenera kudzutsa mafunso. Pa nthawi ya ngozi, nyumba zambiri zinasiyidwa zopanda anthu, ndipo si katundu yense amene anapita ndi madzi. Palinso madesiki a sukulu, mabenchi a m'tchalitchi, matiresi a kuchipatala ndi mapanelo a sola a pazitukuko za m'midzi, zimene nthawi zina zimapezeka zikugulitsidwa mobisa. Malamulo a dziko lino amati kulandira katundu amene munthu akudziwa kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu. Wogula amataya katunduyo, amataya ndalama yake, ndipo akhoza kukaonekera kubwalo la milandu. Koposa apo, desiki limene laikidwa pabalaza la munthu mmodzi limatanthauza ana awiri kapena atatu okhala pansi m'kalasi.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta. Malonda achitike masana, pamaso pa mboni. Wogulitsa adziwike dzina ndi kumene amakhala, ndipo palembedwe kalata yaifupi yotchula katunduyo, mtengo wake ndi tsiku, onse awiri n'kusayinira. Ngati ndalama yadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wake usafufutidwe. Katundu wokhala ndi nambala kapena chizindikiro cha boma, cha sukulu kapena cha bungwe akanenedwe kwa amfumu kapena kwa apolisi a m'mudzi.

Zimene manja a m'mudzi amapanga

Pa tsiku la msika ku Chitakale, ku Limbuli, ku Nkando kapena ku Chinakanaka, munthu amapeza pafupifupi chilichonse chimene nyumba yoyamba imafuna: mphasa za bango, mikeka ya mlaza, malichero ndi madengu a nsungwi, mitsuko, miphika ya dothi, mithiko, zipande, matsache ndi timipando tamatabwa. Zinthu zimenezi sizidalira dola, ndipo zikaonongeka wozikonza amakhala pafupi. Amene amaziona ngati chizindikiro cha umphawi adziwe kuti mipando yoluka ya nsungwi, yonga imene imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya ku Blantyre, imatumizidwa ku South Africa ndi ku Ulaya, kumene imaikidwa m'mahotela ndi m'nyumba za anthu olemera.

Zaluso nazo zimafuna diso. Mphasa yabwino imakhala ya bango lokhwima, losokedwa mothithikana, mizere ya chingwe itayandikana. Yosokedwa motayirira imayamba kutseguka pakangotha miyezi yochepa. Ikatha ntchito mmawa ikutumulidwe, ikulungidwe ndi kuimikidwa pouma. Lichero ndi dengu ziyang'anidwe m'mkombero, pakuti ndi m'mene zimayambira kumasuka. Nsungwi yolimba ndi imene yakhwima kwa zaka zitatu kapena kuposerapo n'kudulidwa m'chilimwe. Amisiri odziwa ntchito amaiviika m'madzi kwa masabata angapo kapena kuiika pautsi, chifukwa chimene chimakopa tizilombo tofumbwitsa ndi chakudya chotsekemera chimene chimakhala m'kati mwa nsungwi yaiwisi. Wogula mpando kapena shelefu ya nsungwi ali ndi ufulu wofunsa kuti nsungwiyo inakonzedwa motani.

Mtsuko wootchedwa bwino umalira momveka ukagogodedwa ndi chala, pamene wong'aluka umamveka mogonthera. Ubwino wake ndi wakuti umaziziritsa madzi popanda magetsi: madzi ochepa amatuluka m'timabowo ta dothi ngati thukuta, ndipo akamauma amachotsa kutentha. Wapakamwa pang'ono ndi wabwino koposa, chifukwa manja a ana salowamo. Mphika watsopano wa dothi uyambe waphikidwamo phala lamadzimadzi kuti timabowo take titsekeke, kenaka uyambe ntchito ya ndiwo. Pambali pa izi pali mbaula ya Chitetezo, youmbidwa ndi dothi, imene magulu a amayi amapanga m'madera ambiri. Imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, imachepetsa utsi, imanyamulika, ndipo imalandira zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Kwa banja limene lasamukira pamalo opanda mitengo, mbaula imeneyi imapulumutsa maola ambiri amene mayi ndi mwana wamkazi akanathera kunkhuni.

Kukongoletsa nakonso kuli m'manja mwa banja. Zitenje ziwiri zikhoza kukhala makatani a pabalaza, tizidutswa totsala kwa telala timasanduka zopondera ndi zokutira mapilo, ndipo matumba a ufa ochapidwa bwino amasokedwa n'kukhala chotchingira chipinda. Mpando wakale wokutidwa ndi chitenje chatsopano ndi nsalu yoluka pamanja umasintha maonekedwe a nyumba yonse. Panja, maluwa a m'zitini, mpanda wa mitengo yamoyo, ndi mtengo wa papaya kapena wa mapeyala wobzalidwa m'chaka choyamba zimauza aliyense wodutsa kuti eni ake abwera kudzakhala.

Ponena za mtengo, pali chizolowezi chimene chiyenera kuunikidwa. Munthu yemweyo amene amalipira mtengo wa m'sitolo mosatsutsa amanenerera mayi wogulitsa mtsuko mpaka kumusiya wopanda phindu. Mayiyo anakakumba dothi, analiponda, anaumba, anadikira kuti uume, anatola nkhuni zootchera, anataya ina imene inasweka pamoto, n'kusenza yotsalayo mpaka kumsika. Woluka mphasa naye anadula bango, analing'amba, analiyanika, anapota chingwe ndi kusoka kwa masiku angapo. Kunenerera ndi mwambo wa pamsika, koma kukhale ndi malire. Ndalama yoperekedwa kwa mmisiri wa m'mudzi imagula ndiwo pamsika womwewo, imalipira chigayo ndi zofunika za sukulu, ndipo imazungulira m'dera kangapo isanatuluke.

Phiri, mitsinje ndi matabwa

Kugula kwa amisiri a pafupi kuli ndi funso lake: thabwalo lachokera kuti? Mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndi mtengo wa fuko la Malawi, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Unkakondedwa chifukwa cha fungo lake komanso chifukwa chiswe sichiudya, ndipo kukondedwa komweko ndi kumene kunaumaliza. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse. Mbande zambiri zabzalidwanso ndi a nthambi ya za nkhalango pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, koma mkungudza umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe linaunikidwanso mu 2020, linakhwimitsa zilango kwa odula ndi ogulitsa mitengo popanda chilolezo.

Banja limene linathawa matope ochokera m'phiri likudziwa kufunika kwa mitengo kumapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Choncho poitanitsa bedi kapena chitseko chatsopano, lisankhe matabwa a mitengo yobzalidwa monga paini, bulugamu ndi malaina. Apa m'pamene katundu wakale amaonetsa ubwino wake wina: tebulo la mlombwa limene lakonzedwanso ndi mtengo umodzi umene sunadulidwe. Bango ndi nsungwi za m'mbali mwa mitsinje zimagwira dothi madzi akasefukira, kotero oluka azidula mosiyiza, osazula mizu ndiponso osatentha. Nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndi mwayi woti mudzi watsopano uliwonse ubzale nsungwi zakezake, kuti amisiri a mawa asadzasowe zipangizo.

Katunduyu ndi wa yani?

Katundu wosonkhanitsidwa movutikira chonchi ayenera kutetezedwa. Bambo ndi mayi azigwirizana asanagule kapena kugulitsa chinthu chachikulu, ndipo ndi bwino kusunga kope lolembamo katundu wa pakhomo pamodzi ndi malisiti ake, m'pepala la pulasitiki, limodzi ndi ziphaso za unzika ndi mabuku a kuchipatala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena kuti mwamuna kapena mkazi akamwalira osasiya wilo, wotsalayo ali ndi ufulu wosunga katundu wa m'nyumba yawo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Achibale amene amabwera maliro atangotha kudzanyamula bedi, mipando ndi miphika amaphwanya lamulo limeneli. Mafumu ndi ankhoswe ali ndi udindo wolikumbutsa poyera, misozi isanagwe.

Ntchito ya mafumu ndi makomiti

Mutu umodzi susenza denga. Pali zinthu zingapo zimene makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera angachite popanda kudikira thandizo lakunja. Choyamba ndi kulemba mayina a amisiri onse a m'dera, akalipentala, oumba, oluka, atelala ndi owotcherera zitsulo, kuti banja lachilendo lidziwe kopita. Pakati pa anthu amene anasamuka palinso amisiri amene luso lawo lilipo koma zida zinapita ndi madzi. Sowo, pulena ndi hamala zikhoza kubwezeretsa banja lotere pa miyendo yake msanga kuposa thumba la ufa. Nkhani yotere ikalowa m'mapulani a chitukuko a mudzi, imakhala ndi njira yofikira kukhonsolo ndi kwa mabungwe othandiza.

Chachiwiri ndi achinyamata. Oluka ndi oumba ambiri ndi achikulire, ndipo luso losaphunzitsidwa limaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuphatikizapo a achinyamata ophunzira pansi pa amisiri a m'madera. Makomiti afufuze mwayi wotere kudzera ku maofesi a khonsolo oona za achinyamata, za ntchito ndi za chitukuko cha m'midzi, ndipo atsikana asasiyidwe m'mbuyo pa ukalipentala.

Chachitatu ndi kukumbukira amene sangathe kudzithandiza okha. Gogo wodwala mawondo amavutika kudzuka pamphasa, ndipo kabedi kakang'ono ka nsungwi kakhoza kusintha moyo wake. Munthu waulumali amafunika mpando wa msinkhu womuyenera ndi njira yosalala yolowera m'nyumba. Ana amasiye olera anzawo amafunika mphika, ndowa ndi chofunda. Mipingo, mizikiti ndi magulu a m'mudzi akhoza kusonkhanitsa katundu amene eni ake sakumugwiritsanso ntchito, kumukonza, ndi kumupereka mwaulemu.

Chomaliza ndi ubale. Kukhazikika pamalo kumafuna anansi. Banja lofika kumene likaonekere kwa amfumu, lilowe m'gulu losamala mjigo, lipezeke pa maliro ndi pa ntchito za chitukuko. Eni mudzi nawo alandire alendowa monga anthu odzakhala, osawatcha mayina okumbutsa tsoka lawo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mtondo wobwerekana ndi mphasa yoyalirana pakhonde ndi zimene zimayambitsa chinansi, ndipo mayi amene wagula lichero kwa woluka wa m'mudzimo wapeza kale munthu woyamba womudziwa dzina.

Banja lililonse limene lalowa m'nyumba yatsopano likhale pansi sabata ino, lilembe zimene lili nazo ndi zimene zikusowa, n'kuzisanja kuyambira pa pogona, madzi ndi chakudya. Ligule chimodzi, lichiyang'anitsitse, lilipire ndi ndalama imene lili nayo, kenaka lidikire kufikira litapeza ya chinthu chotsatira. Pakutha pa chaka nyumbayo idzakhala ndi zofunika zake, malata adzakhala akadali padenga, ndipo wogogoda pachitseko adzakhala mlendo wodzacheza, osati mwini ngongole.